Tsiku Limene Lastone Anaboola Asanayang'ane Kunsi

Ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ukapitirira pamene amayi amagulitsa makala n'kukhotera kumanja, pali nyumba ya mabuloko yosapaka laimu, ndipo pabwalo pake pali mtengo umodzi wokha wa mango. Pansi pa mtengowo ndi pamene amagwirira ntchito Lastone Chipoya, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wokonza mawaya a galimoto. Alibe chikwangwani. Oyendetsa maminibasi amangouzana kuti, "Yenda kwa ba Lastone, koma unyamule na chakudya," chifukwa munthuyu safulumira.

Anabadwira m'Kafue momwemo. Bambo ake ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu isanatsekedwe, ndipo iye atamaliza sukulu anakaphunzira zamagetsi a galimoto ku Lusaka zaka ziwiri. Komabe zambiri, kapena tinene zimene zinamukhala m'manja, anazitola kwa nkhalamba ina yotchedwa ba Jackson, imene inali ndi galaja kufupi ndi njanji. Ba Jackson sankalankhula kwambiri. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: usaboole chitsulo usanagone pansi n'kuona ndi maso ako chimene chili kuseri kwake. Lastone analisunga lamuloli zaka khumi ndi zisanu osaliphwanya. Ndi munthu wa mtima wosakhazikika. Galimoto imene wakonza ikatuluka pabwalo, amaima n'kuitchera khutu mpaka ikafike pamsewu waukulu, ndipo m'mawa mwake amaimbira mwini wake kufunsa ngati sanamve fungo la waya wopsa. Ena amaseka. Ena amabwerera kwa iye chifukwa cha chomwecho.

Panali galimoto imodzi m'Kafue imene anali asanaikhudzepo: ya apongozi ake.

Ba Dainess Mvula, amayi a mkazi wake Ireen, amadziwika kuyambira kumsika wa m'tauni mpaka ku Chanyanya, kumene amakagula nsomba kwa asodzi. Amayendetsa okha chigalimoto chija cha matayala aakulu, chokoka ndi mawilo onse anayi, chimene anawasiyira malemu amuna awo. N'chakale kuposa ukwati wa Lastone, chitseko chakumbuyo chimatsekedwa ndi chingwe, koma matope a dzinja sachiimitsa. Mawu a mayiyu akakalipa padooko, amamveka kutsidya la mtsinje. Koma akangoona mkamwini wawo, amafunda chitenje n'kuyang'ana kumbali. Anakulira ku Katete, ndipo mwambo wa ulemu wa pachipongozi anabwera nawo wonse osasiyako kachidutswa. Zaka zisanu ndi zinayi, iwo ndi Lastone sanadyerepo m'chipinda chimodzi, sanayang'anizanepo m'maso, ndipo mawu aliwonse ankadzera mwa Ireen, ngakhale atakhala motalikirana mapazi atatu okha.

Lastone anafunsapo kamodzi chifukwa chake galimotoyo imapita kwa amakaniko ena. Ireen anamuyankha akusenda anyezi: "Bakamba ati makaniko ni munthu wofunika kumutukwana. Manje iwe bangakutukwane bwanji?"

Chimene chinasintha zinthu ndi nyimbo. Ba Dainess ali ndi ma CD odzaza kabokosi ka nsapato, ambiri a makwaya a kwawo. Za fulashi safuna kumva. Amati kanthu kochepa ngati chikhadabo kangasunge bwanji kwaya yathunthu. Kwa munthu wina wophwasula magalimoto owonongeka anapezako tchenja, makina onga kabokosi kachitsulo amene umaikamo ma CD asanu ndi limodzi nthawi imodzi, iwo n'kumasintha okha munthu akuyendetsa. Anayenda nawo kwa amisiri atatu. Mmodzi anaseka, wina anati zimenezo zinatha kale, wachitatu anati m'Kafue monse amene angakumbukire kalumikizidwe kake ndi Lastone wa ku Nangongwe.

Uthenga unafika Lachinayi kudzera mwa Ireen. Lachisanu Lastone sanalandire ntchito ina iliyonse. Anasesa pabwalo kawiri, n'kuyala zida zake pathebulo monga mwa misinkhu yake.

Loweruka cha m'ma naini koloko galimotoyo inalowa. Pabwalopo ndi popapatiza, motero ba Dainess anaiimika mbali ya kumanzere itatsamira kumpanda wa mabuloko, mbali ya dalaivala ikuyang'ana mtengo wa mango. Anatsika, n'kumanga makiyi pamfundo ya chitenje. Ireen anawabweretsera kampando, iwo n'kukaika pamthunzi, pafupi ndi chitseko chapakati, atatembenuzira msana pang'ono kumene kunali mkamwini wawo. Galimoto yawo saisiya yokha ndi mmisiri aliyense.

"Ireen," anatero maso ali kumpanda, "uwauze atate a Mapalo kuti kumbuyo ayi. Kumalowa madzi a nsomba. Achiike kunsi kwa mpando wapakati, pamene ndalemba ndi khala. Uwauzenso kuti fotini awazi, thu koloko masana, ndikanyamula amayi a kwaya, asanu ndi awiri, tikupita ku kitchini pate, phwando la mkwatibwi, ku Shimabala, pamsewu wa ku Lusaka. Ndikufuna tipite tikuimba."

"Bashi Mapalo, mwamvela?" anatero Ireen, kuitana mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo.

"Ubauze ati namvela," anatero Lastone atanjuta, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mami, bakamba ati bamvela." Ireen anaseka. "Imwe banthu babili, mwanisandutsa monga uja wamene amamasulila ba pasita pa Sande. Chabe ine sibanipatsako na maikolofoni."

Palibe amene anaseka naye. Ireen amaluka tsitsi kumsika, ndipo Loweruka ndilo tsiku la makasitomala. Anatenga chikwama chake, n'kunena kuti abwera cha m'ma wani, n'kupita. Lastone anamuyang'ana mpaka anazimirira kuseri kwa matumba a makala.

Ntchito yoyamba inayenda bwino. Anachotsa waya wa batire. Anatulutsa wailesi yakale ya matepi m'dashibodi, n'kupeza kuti ilibe polowetsera chingwe cha tchenja, monga ankayembekezera. Anatenga kabokosi kena kamene anakasunga zaka zambiri m'chitini, kamene kamalowetsa nyimbo kudzera pa waya wa eriyo. Anayeza tchenja pathebulo kaye ndi batire ina, ndipo inalira bwinobwino, kumeza ndi kulavula kachikwama kake ka ma CD. Anaika kachitsulo ka m'mbali mwake pa chizindikiro chosonyeza kuti tchenjayo ikhala chogona, chifukwa ukakaiwala kameneko nyimbo imadumpha pa bampu iliyonse, ndipo msewu wa ku Chanyanya ndi mabampu okhaokha. Anapititsa chingwe chachitali kunsi kwa kapeti, kutali ndi mapazi a okwera. Waya aliyense anammata kapepala kolembapo dzina.

Kenaka anafika pa mtanda wa khala uja. Panafunika zibowo zinayi pansi pa galimoto, zomangirapo tchenja kuti isagubuduke.

Anatenga katoni yake yogonerapo, n'kuima nayo.

Kuti aone kuseri kwa malowo, anayenera kulowa kunsi kudzera mbali ya dalaivala. Kutanthauza kuti anayenera kugona chagada, mutu kunsi kwa galimoto, miyendo itatambalala kunja, maondo atatang'adza, mapazi ataloza ndendende pamene panakhala apongozi ake. Ba Dainess anali atayala ma CD pamiyendo, akupukuta imodziimodzi ndi nsonga ya chitenje. Mthunzi unali pomwepo pokha.

Anazungulira kumpanda: sipakanalowa ngakhale phewa. Anagwada kumbuyo n'kusuzumira: thanki ya mafuta inatchinga. Kutsogolo kunali chimbale chachitsulo chimene malemu anawotcherera kuti miyala isamamenye injini. Anatambasula mkono mpaka phewa linawawa, zala zake n'kungokhudza matope ouma. Kusuntha galimoto kunafuna makiyi, ndipo makiyi anali pamfundo ya chitenje. Anaganiza zotsokomola, kuti mwina apongozi angamvetse n'kusuntha okha. Anatsokomola. Ba Dainess anangokoka chitenje kumutu, kuonetsa kuti amva ndipo akulemekeza.

Anaimbira Ireen. Foni inalira m'nyumba, patchaja.

Akanatha kudikira wani koloko. Anawerengera m'mutu ntchito yotsala, n'kuona kuti akadikira, amayi a kwaya adzaima padzuwa, ndipo ntchito yoyamba imene apongozi anamupatsa idzakhala itachedwa. Anadziuza kuti magalimoto a mtundu uwu amawadziwa. Mapaipi ake amayenda m'mbali mwa chasisi, chitsulo chachikulu chimene chimanyamula galimoto yonse, kutali ndi pamenepo. Izi zinali zoona. Anakulunga tepi pa chobowolera, kusiya kansonga kochepa ngati njere ya chimanga, kuti chisalowe mozama. Anapemphera mwachidule. Kenaka anaboola.

Chibowo choyamba chinatuluka choyera. Chachiwiri ndi chachitatu chimodzimodzi. Pachinayi, chitsulo chitaboka, dzanja lake linamva ngati nsonga yakhudza kanthu kena kofewerapo, kamphindi chabe. Anatulutsa chobowolera n'kuchinunkhiza. Fumbi lokha. Anati ndi matope. Anamanga zomangira zinayi zonse, n'kubweza mpando ndi waya wa batire.

Itangopitirira thwelofu anabwerera m'mbuyo, nanjuta patali n'kuomba m'manja, kusonyeza kuti watha. Ba Dainess anadzuka, naika ma CD asanu ndi limodzi m'kachikwama kaja monga anaonera akuchita pathebulo, nakwera pampando wawo. Anapotoza kiyi. Kunamveka kukhekhetera kunsi kwa mpando, kenaka bata, kenaka mawu a amayi makumi atatu anadzaza pabwalo ponse. Nkhuku ya oyandikana nawo inathawa.

Mayiyo anamvetsera nyimbo yonse yoyamba. Anadina kabatani, CD yachiwiri n'kuyamba. Ndiye anatulutsa mutu pawindo n'kulankhula kwa mtengo wa mango, popeza Ireen panalibe.

"Munthu amene wagwira ntchito iyi ali ndi manja. Amene anamulera analera."

Lastone sanamvepo mawu otere kuchokera kwa iwo, ngakhale odzera m'kamwa mwa Ireen. Anaweramitsa mutu. Ndipo poweramapo ndi pamene anaona.

Ba Dainess anali ataliza injini, phazi lili pabuleki mwachizolowezi. Kunsi kwa galimoto, molunjika pamene panali mtanda wa khala, dontho linagwa pafumbi. Linatsatira lina. Atachotsa phazi, madontho analeka. Atapondanso pofuna kulowetsa giya yobwerera m'mbuyo, kanatsika kamzere kowonda ngati ulusi.

Sanafunikire kukhudza, koma anakwawa n'kukhudza ndi chala. Sanali madzi, sanali dizilo. Anali oterera, owawa palilime. Mafuta a mabuleki.

Ankadziwa mmene zimayendera. Buleki ikanagwirabe potuluka pageti. Ikanagwira pamsika, ponyamula amayi. Mwina ikanagwiranso pamphambano. Koma kuponda kulikonse kukanataya pang'ono, ndipo penapake pamsewu wa ku Lusaka, pamene malole amatsika motsatizana, phazi likanangolowa mpaka pansi, muli anthu asanu ndi atatu akuimba.

Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo.

Anatulutsa foni, n'kukumbukira kuti ya Ireen ili m'nyumba. Anayang'ana kwa oyandikana nawo: chitseko chinali ndi loko. Anaganiza zothamangira kumsika, kuti Ireen aimbire amayi ake asanapite patali. Koma ba Dainess sayankha foni akuyendetsa, ndipo lero, ndi nyimbozo, sakanaimva n'komwe. Anaganizanso, ndipo izi amachita nazo manyazi mpaka lero, kuti mwina bowolo ndi laling'ono, mwina akanafika ndi kubwerera, iye n'kukonza Lamlungu popanda wodziwa. Ganizoli linakhala m'mutu mwake nthawi yokwanira kuti matayala akumbuyo afike pageti.

Anathamanga n'kudutsa pakati pa galimoto ndi chipilala cha geti, nagwada pamsewu kumbuyo kwake, mikono ili m'mwamba. Mabuleki analira. Injini inazima, nyimbo n'kudukira pakati.

Ba Dainess anatsika. Ataona amene wagwada patsogolo pawo, anatembenukira kumbali msanga, dzanja likufunafuna nsonga ya chitenje.

Lastone anayesa kaye kulankhula kwa tayala. "Motoka iyi," anatero, "motoka iyi siyenela..." Anaona kuti mawu opita kwa tayala munthu angathe kuwamva kapena kusawamva.

"Amayi."

Msana wa mayiyo unauma.

"Amayi, ndikulankhula ndi inu. Musapite. Ndaboola paipi ya mabuleki. Sindinayang'ane kunsi ndisanaboole. Mukapita nayo chonchi, sikaima."

Panadutsa njinga yonyamula makala. Wokwerapo anacheuka kawiri.

"Simunayang'ane," anatero ba Dainess. Ankalankhula kwa chipilala cha geti, koma mawu sanali a chipilala. "Inu amene mumaimbira anthu m'mawa kufunsa za fungo. Simunayang'ane chifukwa chiyani?"

Lastone anayang'ana kampando kamene kanali pamthunzi, n'kuyang'ana katoni yake itatsamira pamtengo, yosagonedwapo. Ba Dainess anatsatira maso ake. Anayang'ana kampando, nayang'ana pamene miyendo ya munthu wogona kunsi ikanafika.

"Ndiye ndikanafera ulemu," anatero. "Ine ndi amayi asanu ndi awiri. Akanatiika m'manda mwaulemu kwambiri."

Anapita n'kunyamula kampando kaja, nakakaponya kuseri kwa nyumba. Pobwera anatsegula chitseko, natulutsa chitenje china chimene amafunditsira mabeseni a nsomba, nachiponya pa katoni.

"Fundani kumiyendo ngati ndi zimenezo. Lowani. Ndikufuna kumva chimene mwaona, osati chimene mukuganiza."

Anakankha galimoto awiriwiri kuibwezera pamthunzi, ndipo Lastone analowa kunsi, chitenje chonunkha nsomba chili pamaondo. Anaona zonse nthawi yomweyo. Paipi inachoka kalekale m'malo mwake. Wina, pakukonza kwa m'tchire, anaikweza n'kuimanga ndi waya wa mpanda, itagunda pansi penipeni pa galimoto, matope n'kuikwirira. Chobowolera chake, pachibowo chachinayi, chinali chitailasa m'mbali. Akanangogona pansi m'mawa uja, akanaiona asanapume kawiri.

Ananena zimenezi ali kunsi komweko. Ba Dainess anatchula dzina la amene anamanga wayayo, n'kuwonjezera mawu ena amene nthawi zambiri amasungira asodzi. Kenaka anaimbira mtsogoleri wa kwaya kuti amayi akwere minibasi, iwo abwera mochedwa kapena sabwera. Lastone anamva mawu odandaula akutuluka m'foni, ndipo onse anamulasa.

Paipi ina anaichotsa pa chigoba cha galimoto chimene chili kuseri kwa nyumba yake. Kuiyeza, kuipinda ndi kukonza nsonga zake kunamutengera maola awiri, chifukwa nsonga yoyamba sanakhutire nayo ndipo anaidula n'kuyambanso. Anaiyendetsa m'malo mwake mwenimweni, m'mbali mwa chasisi. Anathira mafuta atsopano. Apa ndi pamene anaima kachiwiri.

Paipi yatsopano imakhala ndi mpweya mkati, ndipo mpweyawo ukatsala buleki sigwira. Kuutulutsa ndi ntchito ya anthu awiri: wina pampando kuponda, wina kunsi kutsegula ndi kutseka kakiyi ka pa wilo, ndipo wa kunsiyo ndiye amalamula. Wani koloko inali itadutsa kale, Ireen osaoneka.

Ba Dainess ayendetsa galimoto zaka zambiri, ankadziwa. Anakwera popanda kuuzidwa, nasiya chitseko chotsegula.

"Ndakhala," anatero.

Lastone anaika sipanala pa kakiyi.

"Ngati n'kotheka, amayi, mwina mungathe kuyamba..."

"Sindikumva. Nenani ngati mmisiri."

"Pondani."

Buleki inalira katatu.

"Gwirani pomwepo."

"Ndagwira."

Anatsegula. Mafuta anatuluka ndi thovu, akulavula. Anatseka.

"Siyani. Pondaninso."

"Ndaponda. Ikadali yofewa ngati papaya."

"Gwirani. Musasiye ndisananene."

"Ndani wasiya?"

"Mwasiya pang'ono, amayi. Ndamva."

Kenaka kumwamba kunamveka kamawu kamene Lastone sanadziwe ngati ndi kuseka kapena kutsonya.

"Chabwino. Ndasiya pang'ono. Tiyambenso."

Anali pa wilo lachitatu pamene Ireen analowa pageti, atanyamula pepala la tomato, akupepesa kale kuti kasitomala wina anafuna zoluka zing'onozing'ono. Anaima. Anaona miyendo ya mwamuna wake itatuluka kunsi kwa galimoto, itafunda chitenje cha amayi ake. Anaona amayi ake pampando, atagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Ni chani apa? Mami, simunayende? Bashi Mapalo, nibauze chani?"

"Choka pamenepo, utchinga kuwala," anatero ba Dainess. "Atate a Mapalo, yalimba tsopano. Ndigwire kapena ndisiye?"

"Gwirani," anatero Lastone kunsi kuja. Anatsegula kakiyi, ndipo mafuta anatuluka oyera, opanda thovu. Anawayang'ana akutsika m'kabotolo. Anatseka, nakoka sipanala kawiri kutsimikiza, ndipo ngakhale anadziwa kuti mpweya watha, mtima wake unali usanavomere.

"Kamodzinso, amayi. Pondani."